Chigubu cha petulo chikamatsamwa musachiboole ndi msomali wamoto

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu a kuno kuchigwa cha Shire amene sangagwire ntchito popanda kunyamula petulo m'chigubu. Tikunena alimi othirira madimba ndi mapampu a injini m'mbali mwa Shire ndi Mwanza, anyamata a kabaza a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, eni majenereta a m'nyumba zometera, ndi oyendetsa maboti a injini cha ku Chiromo ndi Makhanga. Malo omwetsera mafuta ali m'mbali mwa msewu waukulu wa M1, pamene ntchito ili kudimba ndi kutsidya, ndiye chigubu sichingalekeke. Koma zigubu zambiri zamakono, makamaka zija zofiira za pulasitiki zokhala ndi mlomo wa sipuling'i, zimavuta kutsanula. Mafuta amatuluka modukizadukiza ngati chigubu chikutsamwa, kenako amakhavukira pa injini ndi m'manja. Munthu akatopa nazo amatenga msomali, nkuuika pambaula, nkuboola chigubu kumsana. Chimatsanuladi bwino, koma njirayo ndi yoopsa, ndipo ilipo ina yochitira zomwezo mosaika moyo pachiswe.

Chimene chimatsamwitsa chigubu si kuchepa kwa mlomo ayi. Lita imodzi ya petulo ikatuluka, payenera kulowa lita imodzi ya mpweya kukatenga malo ake. Khomo likakhala limodzi, mafuta ndi mpweya zimalimbirana: mafuta aima, thovu la mpweya lilowa, mafuta atumphanso mwamphamvu. Nkuona mbali za chigubu zikuphwa nkufufumanso ngati chikupuma. Kukuza mlomo sikuthetsa izi, kumangokuza mafunde. Chofunika nchakuti mpweya ukhale ndi njira yakeyake, ndipo njirayo izitsekeka bwinobwino mukatha kuthira.

Amene anapanga chigubu chachitsulo cha malita 20 ku Germany cha m'ma 1937 anali atadziwa kale zimenezi. M'kati mwa khosi lake muli kapaipi kolowera mpweya kopita kumbuyo, kumene kuli kachipinda kamene sikadzaza mafuta. Nchifukwa chake chigubu chachitsulo chenicheni, chija cha zogwirira zitatu, chimatsanula mosalala. Chanu chikayamba kutsamwa musachiboole ndipo musapite nacho kwa owotcherera. Nthawi zambiri kapaipi kaja kamakhala katatsekeka ndi dzimbiri kapena dothi. Kapiseni waya wofewa, muchitsuke, musinthenso mphira wa pachitsekerero ngati wauma. Pothira, zogwirira zikhale kumwamba kuti kapaipiko kasamire m'mafuta. Basi, ntchito yatha.

Zigubu zamakono za pulasitiki zili ndi mbiri ina. Kuyambira mu 2009, malamulo a ku America anafuna kuti chigubu cha petulo chisamatulutse nthunzi chikangokhala, ndiponso chisamatseguke ndi mwana. Opanga ambiri anangochotsa kabowo ka mpweya ka kumbuyo kaja, nkuika mlomo wodzitsekera wokha ndi sipuling'i. Mpweya umalowera m'kanjira kakang'ono m'kati mwa mlomo womwewo. Cholinga chinali chabwino, ife sitikuchinyoza. Koma mlomo wotere umafuna kuti muukanikize pakamwa pa thanki yolimba, pamene thanki ya pampu yothirira ndi ya malita 3 kapena 4, pakamwa pake pali kasefa ka pulasitiki, ndipo injini yakeyo imagwedera pamchenga. Munthu mmodzi anyamule makilogalamu 15 a petulo, akanikize mlomo, ayang'anenso ngati thanki yadzaza: manja sakwana. Onjezani fumbi la kuno la m'chilimwe limene limalowa m'sipuling'i nkuiumitsa.

Musanaganize zoboola, yambani ndi zosavuta. Masulani mlomo, muutsuke ndi madzi a sopo, muumitse, muone timphira tozungulira ta m'kati ngati tatupa kapena tang'ambika. Nthawi zina nthenda imakhala yomweyo. Chachiwiri, lekani kuthira thanki ya malita 3 kuchokera m'chigubu cha malita 20. Gulani kachigubu ka petulo ka malita 5, muzikadzaza muli pansi pamthunzi, nkumathira ndi kameneko. Chachitatu, ngati chigubu chili ndi kamwa la pakona lopanda mlomo, chitembenuzeni pothira kuti kamwalo likhale kumtunda osati kunsi. Mafuta amadutsa m'munsi mwa kamwa, mpweya nkumalowa pamwamba pake, ndipo kutsamwa kumachepa kwambiri. Yesani ndi madzi muone kusiyana kwake.

Zikakanika izi ndiye tibwere pa kabowo ka mpweya. Lamulo loyamba silinyengereka: musaboole chigubu chimene muli fungo la petulo. Chigubu chooneka chopanda kanthu ndicho choopsa kuposa chodzaza, chifukwa m'katimo muli nthunzi yosakanikirana ndi mpweya, ndipo nthunzi ya petulo imayaka ngakhale isanakwane magawo awiri pa 100 aliwonse a mpweya. Chabwino koposa nkugwira ntchitoyi pa chigubu chatsopano chimene sichinalawepo mafuta. Ngati nchakale, tsanulani zonse, muchitsuke katatu ndi madzi a sopo, kenako muchidzaze madzi mpaka pafupi ndi pamene mukufuna kuboola, ndipo madziwo akhale momwemo mpaka mutamaliza. Gwiritsani chiboolero chopukusa ndi manja ngati cha akalipentala. Msomali wamoto uli ndi zoipa ziwiri: ungayatse nthunzi, komanso umasungunula pulasitiki nkusiya bowo la m'mbali mokwinyika pamene mphira sungagwire. Bowo lotero limatsekedwa ndi kamtengo kapena pepala la pulasitiki, ndipo limadontha mpaka kalekale.

Malo oboola ndi pamwamba, kumbuyo kwenikweni, mbali yotalikirana ndi mlomo. Mukapendeka chigubu kuti muthire, pamenepo mpamene mpweya umasonkhana. Sankhani pamalo posalala potambalala masentimita atatu, potalikira masentimita awiri kuchokera pa msoko umene mbali ziwiri za chigubu zinalumikizana, popeza pamsoko ndi pamene mng'alu umayambira. Musaboole pa chogwirira, kapena pakona pamene pulasitiki imakhala yopyapyala. Chigubu chikaima chodzaza mpaka pa mzere wake, bowolo likhale pamwamba pa mafuta. Ambiri amalakwitsa apa: amaboola m'mbali cha kumsana, nkudzadabwa mafuta akutulukira pomwepo njinga ikalowa m'maenje.

Chotsekera bowoli chilipo cha mitundu itatu, ndipo sizofanana ubwino. Choyamba ndi kachitsekerero kopangidwira ntchito yomweyi, kokhomera kuchokera kunja, kokhala ndi kachipewa kake. Mtundu wofala umafuna bowo la theka la inchi, omwe ndi mamilimita 12.7, koma werengani zimene zalembedwa pa paketi chifukwa ina ndi yocheperapo. Bowo likakula ngakhale ndi theka la milimita kamagwedera. Chachiwiri ndi valavu ya mphira ya tayala lopanda chubu, imene omata matayala amakhala nayo. Yofala imafuna bowo la mamilimita 11.5. Njosavuta kuika, koma ife sitiikonda, chifukwa mphira wake anaupangira mpweya ndi dzuwa, osati petulo. Pakapita nthawi umatupa, nkufewa, kenako nkung'ambika patsinde. Amene waika kale yotere aziigwedeza ndi chala mwezi uliwonse, ndipo ikangoyamba kunyowa m'mbali aichotse.

Chachitatu ndi chimene chimapezeka pamsika uliwonse kuyambira pa Dyeratu mpaka pa Marka: valavu yachitsulo ya chubu chakale cha njinga yamoto, ija yokhala ndi manati. Idulani pachubu, mupale mphira wonse wa patsinde mpaka patsale chitsulo chokhachokha, chifukwa mphira wa chubu nawo sugwirizana ndi petulo. Chotsani kamtima ka m'kati ndi kachipangizo ka omata matayala kuti mpweya uzidutsa momasuka. Mufunikanso timphira tiwiri tozungulira ta mtundu wa nitrile, tomwe timakhala m'makabuleta ndi m'mipope ya mafuta ya njinga zamoto, washa mmodzi wachitsulo, nati, ndi kachipewa ka valavu kachitsulo kokhala ndi mphira m'kati. Tizipewa ta pulasitiki takuda tija timangoteteza fumbi, sititseka nthunzi.

Poika valavu yachitsuloyi, yambani ndi kabowo ka mamilimita atatu kolozera, kenako mukuze mpaka mamilimita 8. Pukusani pang'onopang'ono osakanikiza, chifukwa chiboolero chikaluma pulasitiki mwamphamvu chimang'amba bowo nkukhala ngati dzira. Valavu ilowe mothina. Palani m'mbali mwa bowo ndi kampeni kuti pasatsale tinyenyeswa. Tsopano khuthulani madzi aja. Pisani waya wautali pabowo mpaka atulukire kukamwa kwa chigubu. Vekani kamphira kamodzi patsinde pa valavu, mulowetse wayayo m'kati mwa valavu, mupinde nsonga yake, nkukoka waya chobwerera mpaka mutu wa valavu utatulukira pabowo kuchokera m'kati. Kunja ikani kamphira kachiwiri, washa, kenako nati. Mangani ndi zala mpaka itagwira, muwonjezere ndi sipanala theka la kuzungulira kokha. Mukamanga mopyoza mphira umafinyika nkuthawira m'mbali, ndipo pulasitiki imayamba timing'alu tosaoneka ndi maso. Musapake guluu, silikoni kapena phula. Pulasitiki ya zigubu za mafuta, ija yolembedwa HDPE kapena nambala 2 kunsi kwake, siigwira guluu wamba, ndipo silikoni akakumana ndi petulo amafewa nkukatseka kabuleta.

Musathiremo petulo musanayese. Dzazani madzi, mutseke mlomo ndi valavu, muchigoneke chammbali kwa ola limodzi, kenako chadodolido kwa ola lina. Chifinyeni ndi bondo mukuyang'ana patsinde pa valavu. Mukatero chotsani theka la madzi, mutsekenso, muchisiye padzuwa la masana kuti mpweya wa m'kati ufufume, nkupaka thovu la sopo pa valavu ndi pa chitsekerero. Pakatuluka timathovu ndiye kuti pakudutsa mpweya, ndipo pamene padutsa mpweya nthunzi ya petulo idzadutsanso. Zikakhala bwino, tsukani kuti tizidutswa ta pulasitiki tonse tituluke, muchiyanike chozondotsa, zitsekerero zili zotsegula, kwa masiku awiri. Kanyenyeswa kamodzi kokha kamakwana kutseka kabowo ka m'kabuleta ya pampu, mlimi nkumaganiza kuti anamugulitsa mafuta oipa.

Kuumitsaku sikuti nkongokometsera. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo wina mwa ethanol ameneyo amapangidwa kuno komwe ku Chikwawa, kufakitale ya PressCane, kuchokera ku zotsalira za nzimbe za ku Nchalo. Ethanol amakoka madzi. Madzi akachuluka, iye ndi madziwo amapatukana ndi petulo nkukhala pansi pa chigubu, ndipo zimenezo ndi zomwe zimakathera m'thanki mukamatsanula zomaliza. Injini imavuta kulira, imazimazima, m'kabuleta mumachita dzimbiri loyera. Chifukwa chomwechi ndi chimene bowo la msomali losatsekeka limawonongera mafuta: nyengo ya mvula chinyezi cha kudambo chimalowa usiku uliwonse, pamene masana mbali yopepuka ya petulo, yomwe imathandiza injini kulira msanga, ikuuluka. Mafuta amene mwagula modula nkumathera m'mwamba.

Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha kuti musachikhudze. Zigubu zina zatsopano zili ndi kasefa ka timabowo tating'ono komatiriridwa m'khosi. Ambiri amakayesa sefa ya zinyalala ndipo amakazula ndi pulayala kuti mafuta azithamanga. Ntchito yake nkuletsa lawi la kunja kulowa m'chigubu, ndipo ku America anakhazikitsa lamulo mu 2020 lofuna kuti zigubu za mafuta zikhale ndi chotetezera chotere. Kasiyeni. Ngati kalipo, valavu yolowetsera m'kati siingadutse, ndiye gwiritsani kachitsekerero kokhomera kunja kaja. Tinenenso poyera kuti bowo limene mwawonjezera lilibe chitetezo chimenechi, ndipo chigubu chimene mwachiboola sichilinso monga anachiyesera opanga ake. Nchifukwa chake bowolo likhale laling'ono, lizitsegulidwa nthawi yothira yokha, ndipo pafupi pasakhale moto wamtundu uliwonse.

Amene safuna kuboola ali ndi njira ziwiri. Ina nkukonza chitsekerero chapadera chothirira: mutenge chitsekerero china chokwana pa chigubucho, muboole mabowo awiri, limodzi la paipi yamafuta ya mamilimita 16 m'kati mwake, lina la kapaipi ka mamilimita 5 kotalika mpaka kukafika kumbuyo, pamwamba, m'kati mwa chigubu. Kapaipi kakang'onoko muzikalimbitsa ndi waya kuti kasagwere m'mafuta. Ndi nzeru yomwe ija ya chigubu chachitsulo. Mukatha kuthira mubwezerepo chitsekerero chenicheni. Njira inayo nkukoka mafuta ndi paipi, chigubu chili pamalo okwera kuposa thanki. Koma osayamwa ndi pakamwa. Petulo wochepa chabe akalowa m'mapapo amawatupitsa, ndipo munthu amene watsamwa naye kapena kumumeza musamusanzitse, muthamange naye kuchipatala. Kuti mafuta ayambe kuyenda ikani pakati pa paipi kampira kofinya ndi dzanja ka injini za maboti, kapena mugule paipi yokhala ndi kamutu ka kampira m'kati kamene mumangokagwedeza m'mafuta. Paipi ikhale yamafuta, yakuda ija. Yoyera yoonekera m'kati, ya madzi, imauma nkusweka petulo akaidutsa kangapo.

Tsono kutentha kwa kuno kumasintha nkhani yonse. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40, ndipo chigubu chomangidwa pa kaliyala padzuwa chimatentha kuposa pamenepo. Petulo amafufuma pafupifupi gawo limodzi pa 1,000 pa digiri iliyonse. Malita 20 otuluka m'thanki yozizira ya pansi pa nthaka, akatenthedwa ndi madigiri ena 20, amawonjezera pafupifupi theka la lita. Kuwonjezera apo mbali yopepuka ya petulo imayamba kuwira pa madigiri osafika 40, nchifukwa chake chigubu chimatupa ngati mpira. Musadzaze mpaka pakhosi. Lekezani pa mzere wolembedwa, ndipo ngati mzere palibe, m'chigubu cha malita 20 muthire 19. Pofuna kuthira, chigubu chiime chilili pamthunzi, mutsegule valavu poyamba, nkhope ili kumbali, mpaka kulira kwa mpweya kutatha. Mukayamba ndi kupendeka chigubu chotupa nkukanikiza mlomo, petulo amathovokera m'maso.

Injini izime ndi kuzizira kaye kwa mphindi zingapo. Pa mapampu ambiri thanki ili pamwamba pa injini, moyandikana ndi ekizozi, ndipo dontho logwera pamenepo silichedwa. Nthunzi ya petulo njolemera kuposa mpweya katatu kapena kanayi, simakwera kumwamba koma imayenda pansi ngati madzi, kotero mbaula kapena koloboyi ya pa mtunda wa mamita angapo ikhoza kuiyatsa, lawi nkubwerera mpaka pachigubu. Usiku unikani ndi tochi. Pomwetsa mafuta, chigubu chitsike pa njinga kapena pa galimoto chikhale pansi, ndipo mlomo wa pampu yomwetsera mafutayo ukhudze kamwa la chigubu, kuopa kamoto kothetheka kamene kamabadwa mafuta akamakhulana ndi pulasitiki. Ndipo chisagone m'nyumba yogona anthu, ngakhale mukuopa akuba. Kachisakasa kodutsa mphepo, kokhoma, kotalikira khitchini, nkokwanira.

Tisanamalize tinene za zigubu zachikasu za mafuta ophikira, popeza ndi zimene ambiri ali nazo. Zonse tafotokozazi musazichite pa chigubu chotere. Khungu lake nlopyapyala moti nati siigwira, chitsekerero chake sichinapangidwe kuti chipirire mphamvu ya nthunzi, petulo amalowerera m'pulasitiki yake, ndipo chikakhalitsa padzuwa chimauma nkusweka ngati chipanda. Mafuta ophikira otsalira m'makona amakamatirira m'kabuleta. Mabotolo a madzi ndi a zakumwa ndiye oipiratu, komanso mwana amawaona ngati chakumwa. Tikudziwa kuti chigubu chenicheni cha petulo nchodula ndipo kuno sichipezeka wamba, munthu amachita kukwera Thabwa kukachifuna ku Blantyre. Apa mpamene tikupempha eni masitolo a zitsulo a pa Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje boma kuti aziitanitsa zigubu zamafuta zokhala kale ndi kabowo ka mpweya kotsekeka, pamodzi ndi milomo ndi timphira tosinthira. Tikupemphanso bungwe la MERA, limene limayang'anira kagulidwe ka mafuta m'zigubu, ndi la Malawi Bureau of Standards, kuti afalitse m'Chichewa ndi m'Chisena mtundu wa chigubu chimene mlimi wa pampu ndi mwini boti ayenera kukhala nacho, komanso kumene angakatenge chilolezo chogulira mafuta m'chigubu osachita kuyenda mtunda wautali.

Pogula mlomo wosinthira, nyamulani chitsekerero chakale mukayeze konko. Mizere yomangira imasiyana malinga ndi opanga, ndipo mlomo umene ukuoneka ngati wakwana ukhoza kulumpha mzere chigubu chikangopendekeka chodzaza. Ukhalenso ndi kachipewa kake kunsonga.

Ife amakaniko a injini zing'onozing'ono,
Nchalo ndi Bangula